Buku Limene Ndinalanda M'kalasi

Amai anzanga, phunziro lathu la mwezi uno likhudza ana aja amene acoka paubwana koma sanafike paukulu, a zaka 13 kufikira 19. Ambiri a ife tili nao m'nyumba. Ena ndi obala tokha, ena ndi adzukulu, ena ndi ana amasiye a abale athu. Tikakumana timadandaula kuti anawa amamvera anzao kuposa ife. Ine ndaphunzitsa ku sekondale zaka zopitirira 25, ndipo nanenso ndinali kudandaula comweco kufikira tsiku limene ndinalanda buku lina m'kalasi. Eni nkhaniyi anandilola kuikamba, malinga ndisachule dzina la munthu kapena la sukulu.

Munali mu Okutobala 2023, masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali kuphunzitsa Giredi 11 pamene ndinaona buku likuyenda pansi pa madesiki. Ndinalilanda osanena zambiri, n'kuliponya m'cikwama. Madzulo titatha kudya ndinalitsegula, ndili ndi maganizo akuti mudzakhala makalata a cibwenzi kapena zonyoza aphunzitsi.

Linali buku lolembamo la cikuto colimba, aja ana amati hadikava. Munali nthano imodzi yaitali yolembedwa ndi manja 7, atsikana 5 ndi anyamata awiri. Wina akalemba mutu umodzi anali kupatsira mnzake kuti apitirize, ndipo pansi pa mutu uliwonse anzake anali kuikapo maganizo ao: apa ndaseka, apa wathamanga, agogo sangalankhule tere. Cizungu ndi Cinyanja zinali zosakanikirana monga momwe amalankhulira. Pacikuto panali nambala 4, kusonyeza kuti mabuku atatu anali atadzala kale. Anayamba mu 2020, masukulu atatsekedwa m'mwezi wa Malici cifukwa ca matenda a COVID-19, iwo ali mu Giredi 8. Panali mnzao wina amene anasamukira ku Ndola ndi makolo ake, koma sanamutaye. Ikafika nthawi yake anali kutumiza mutu wake pa foni, wina n'kuukopera m'buku ndi dzanja.

Patsamba loyamba panali malamulo atatu. Buku lisagone kwa munthu mmodzi kupitirira masiku awiri. Wina asaseke Cizungu ca mnzake. Za m'buku zisatuluke kunja.

M'mawa mwake ndinawapeza onse 7 ataima pakhomo la cipinda ca aphunzitsi, ngakhale amene ndinamugwira anali mmodzi yekha. Mnyamata wina, wamanyazi kwambiri m'kalasi, ndiye analankhula. "Madamu, ngati pali cilango, mutilange tonse. Koma bukulo mutibwezere."

Tsiku la mwana wa sekondale

Kuti timvetse kukhulupirika kotere, tiyeni tiyambe tayenda ndi mtsikana mmodzi kuyambira m'mawa. Wadzuka 05:00 isanakwane. Wasesa pabwalo, watunga madzi, wakoleza mbaula, wasambitsa ang'ono ake, ndipo kenaka wayenda mtunda kupita kusukulu, mwina osadya kanthu. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira Giredi 12, ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera kusukulu. Ici ndi cinthu cokoma, koma makalasi anadzala. Ine ndinakhalapo ndi kalasi la ana opitirira 80. Ndikuuzeni zoona monga mphunzitsi: zolemba za ana oculuka tere suziwerenga ndi mtima wonse. Umayang'ana zolakwa, n'kuconga, n'kutenga buku lina.

Akaweruka, pali kantemba ka amake kofuna wokhalapo, pali ndiwo zofuna kuphika, pali mbale. Nchito ya kusukulu amaigwira usiku atatopa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, ana ambiri anali kuwerenga ndi kuunika kwa foni kapena kandulo. Mnyamata nayenso ali ndi zake: wilibala, ng'ombe, dimba, kutumidwa kucigayo.

Tsono tawerengani mau amene mwanayu wamva kwa akulu tsiku lonse. Uka. Sesa. Fulumira. Khala cete. Wapeza zingati pa mayeso? Onsewa ndi mau oyenera, ndipo sindikuti mwana asagwire nchito pakhomo, iai. Koma kuyambira m'mawa kufikira usiku palibe wamkulu amene wamufunsa kuti, "Ndiye cinacitika n'ciani?" n'kukhala pansi kudikira yankho. Anzake a buku aja amamufunsa funso limenelo masiku onse. Akacedwa ndi mutu wake amamulondola kunyumba, cifukwa popanda iye nthano iima. Kunyumba afunika manja ake, pamene kwa anzake afunika zimene zili m'mutu mwake. Kukhulupirika kwake kucokera pamenepo.

Tili tonse

Ife sitiyenera kudabwa nazo. Tili ana, agogo akayamba nthano pamoto tinali kuvomera kuti "tili tonse," ndipo tikaleka kuvomera nthano inali kuthera pomwepo. Makolo athu anali kuzungulira wailesi kumvera Julius Chongo pa Poceza M'madzulo, m'mawa mwake n'kumakambirana kumunda. Wokamba nthano amafuna womuvomera. Lero m'nyumba zambiri madzulo aliyense ali ndi cake coyang'ana, ndipo ana athu apita kukafuna "tili tonse" kwina. Akulu anati kali kokha n'kanyama.

Mwina wina afunsa kuti kodi zolembalembazi si kutaya nthawi? Pa mayeso a Giredi 12, pepala loyamba la Cizungu ndi lolemba cimangirizo, ndipo mwana amene wakhala akulemba mlungu ndi mlungu, anzake n'kumamudzudzula, safika pa pepalalo ali mlendo. Dziko lathu lilinso ndi azimai amene kulemba kunawafikitsa patali. Ellen Banda-Aaku analandira mphotho ya Penguin Prize for African Writing mu 2010 ndi buku lake la Patchwork. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, analandira Caine Prize mu 2015, ndalama zokwana mapaundi 10,000, ndipo anazigawana ndi olemba anzake anai amene anafika nao kumapeto kwa mpikisano. Nditawauza ana anga aja za kugawanaku sanadabwe konse. Anati naonso akanacita comweco. Sindikulonjeza kuti mwana wanu adzadya za kulemba, pakuti ambiri sadzatero. Ndingoti si masewera oipa.

Mutu wa 23

Ndikanakonda nkhani ikanathera apa, koma usiku uja ndinawerenga mpaka mutu wa 23. Mitu ina yonse inali ya mafumu, mfiti ndi ana otayika m'tauni. Uwu unali wa mtsikana amene bambo wina wa galimoto, wokwatira, anali kumudikira pansi pa mtengo wa mango poweruka. Anayamba ndi kumukweza, kenaka mafuta odzola, kenaka foni, kenaka lonjezo la ukwati. Zinalembedwa mwatsatanetsatane kwambiri, mpaka mtundu wa galimoto ndi cimene cinali kulendewera pagalasi. Mwana sapeka zotere. Ndipo maganizo a anzake pansi pake anali atasintha. Panalibe zakuti apa wathamanga. Wina analemba kuti, "Loweruka usapiteko." Wina, "Mubwezere foniyo, uzigwiritsa yanga."

Mtsikanayo anali ndi zaka 16. Anzakewo anadziwa kwa matemu awiri. Musaganize kuti anangokhala manja lende. Anali kusinthana kumuperekeza kunyumba kuti asayende yekha. Anali kusonkha ma K5 a cakudya cao kumugulira sopo ndi zofunika za atsikana, kuti asakhale ndi cifukwa colandirira ndalama za bamboyo. Anyamata awiri aja anafika popangana zokaphwanya galasi la galimoto, mwamwai atsikana anawaletsa. Anacita zonse zimene ana angathe, kupatula cimodzi: sanauze wamkulu aliyense. Nditawafunsa cifukwa, anandilozera lamulo lacitatu. Mmodzi anawonjeza kuti, "Madamu, tikanauza amake akanamumenya, n'kutentha buku, n'kutiletsa kuonana. Akanatsala yekha ndi bambo uja."

Mau amenewa anandilasa, cifukwa mwanayo sananame. Ine ndi mphunzitsi wa uphungu titakamba ndi mtsikanayo, tinapita kwa amake. Cinthu coyamba cimene anafunsa ndi cakuti, "Aphunzitsi, bukulo lili kuti? Ndi anzake omwewa amuononga." Sindiwaweruza. Ndi mai wolera yekha ana anai ndi malonda a tomato, ndipo mantha anatuluka ngati mkwiyo. Tinakhala pamphasa mpaka dzuwa kulowa ndisanawakhutiritse kuti ana amene afuna kuwathamangitsa ndiwo anali kumulondera mwana wao miyezi yonseyo. Pambuyo pake iwo ndi alongo ao anakatula nkhaniyo ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yoona za nkhanza kwa azimai ndi ana. Mtsikanayo analemba mayeso ake a Giredi 12 mu 2024.

Pali zinthu ziwiri zimene mai aliyense ayenera kuzidziwa pa nkhani zotere. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana kapena wamkulu angaimbe kupempha thandizo pa za nkhanza kwa ana. Ndiponso kuyambira mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa, kotero kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 suwerengedwa ukwati, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Bambo wolonjeza mwana wa sukulu ukwati alonjeza cinthu cimene lamulo likana.

Nanga kunyumba ticite ciani?

Pano ndiyenera kuulula canga. Ndinawerenga bukulo popanda cilolezo ca eni ake. Zinathandiza, inde, koma ana aja anatha temu yonse osandiyang'ana kumaso, ndipo mpaka lero sindinena kuti ndinacita bwino m'zonse. Sindikulangizani kusecha m'zikwama usiku. Mwana akakugwirani kamodzi amaphunzira kubisa bwino, ndipo ulendo wina simudzapeza kanthu. Njira yabwino ndi yocedwa. Mupempheni akuwerengereni cimene walemba, pamene mukusadzula ndiwo kapena kutongola cimanga. Adzakana koyamba. Akadzavomera, gwirani lilime. Musakonze Cizungu cake, musafunse kuti mnyamata wa m'nthanoyo ndani, musasandutse nthano yake ulaliki. Mufunseni cimene cidzacitika kutsogolo. Ine mwana wanga wamkazi anandionetsapo ndakatulo ali mu Giredi 9, ndinatenga colembera cofiira n'kuyamba kuconga. Sanandionetsenso ina.

Adziweni anzakewo maina ndi kwao. Aitaneni Loweruka lina adzalembere pakhonde panu, muwawiritsire mbatata, n'kuwasiya okha. Gulu limene limalowa pakhomo masana silivuta kulidziwa. Limene likana kuoneka ndilo lofunika kulifunsa, makamaka ngati muli munthu wamkulu amene anawo sanamuonepo ndi maso, wongolankhula nao pa foni, woyamikira zolemba za mtsikana kenaka n'kupempha zithunzi kapena kukumana kwa awiri. Za nthawi panganani poyera: nchito ya kusukulu coyamba, foni igone pabalaza. Kuletseratu sikuthetsa gulu, kumangolisamutsira kumene inu simufika.

Cacikulu ndi kuphunzitsa ana kusiyanitsa zinsinsi. Cilipo cinsinsi cosunga ulemu wa mnzako, monga kuti kwao anagona ndi njala kapena kuti analira polemba za atate ake omwalira. Cimeneco acisunge, ndipo ife tisawakakamize kuulula. Koma cinsinsi cimene cikusiya mnzako m'manja mwa womupweteka ciyenera kufika kwa wamkulu. Ana sadzakhulupirira zimenezi cifukwa tanena. Adzayamba ayang'ana zimene tinacita tsiku limene mwana wa mnzathu anaulula kanthu: kodi tinamuthandiza mwakacetecete, kapena nkhani yake inafika pacitsime dzuwa lisanalowe? Funso ili tikambirane moona mtima m'magulu athu a Cigwirizano, pakuti nthawi zina nkhani za ana a eni zimatuluka ndi ife tomwe, titazikulunga m'mau akuti tiwakumbukire.

Buku lija ndinalibweza patapita mlungu umodzi, popanda cilango. Sindinawauze kuti asinthe malamulo ao. Cakumapeto kwa temu mnyamata wamanyazi uja anandionetsa tsamba loyamba, dzanja lake litaphimba masamba ena. Pa lamulo lacitatu anali atawonjezapo ndi inki ina kuti wina akakhala pangozi adzasankha wamkulu mmodzi womuuza, ndipo adzapita onse pamodzi. Pansi pake panali maina a akulu atatu amene anagwirizana kuti angawakhulupirire. Panali mphunzitsi wa uphungu, azakhali a mmodzi wa iwo, ndi amai ena ogulitsa vitumbuwa pacipata ca sukulu. Dzina langa panalibe. Ndinamufunsa ngati ndingawerenge mmene nthanoyo inathera, ndipo anati akafunsa anzake.