Mipeni 12 m'chitini cha mabisiketi

Mdzukulu wanga, chitini chija unandisiyira Lamulungu ndachitsegula, ndipo ndapezamo mipeni yopinda 12. Unati posamukira ku Cuamba sungainyamule yonse, ndiye ndikuuze yosunga ndi yosiya. Ndaiyala pamkeka n'kuitsegula umodziumodzi, ina ndaiyesa pabango, ina pachinangwa. Yopita nawe ndi itatu yokha. Wachinayi ndikupatsa ndine, koma nkhani yake ndikuuza pothera.

Isanu yonyezimira ija, yokhala ndi zithunzi za njoka ndi ziwombankhanga pachogwirira, isiye. Ndikudziwa kuti ndiyo unayamba kuikonda. Tenga umodzi, uutsegule, ugwire kunsonga ndi nsalu, uyese kuugwedeza uku ndi uku. Ukamva gwedegwede, ndiye kuti msomali wapakati unatha kale kapena sunakhalepo bwino chiyambire. Uupinde, uone ngati chitsulo chagona pakati pa chogwirira kapena chikukhula mbali imodzi. Kenaka uutsegulenso, ukankhe kumsana kwake ndi chala chachikulu, zala zina uli utazichotsa panjira. Ukapindika wokha usanakhudze chotsekera, mpeni umenewo tsiku lina udzakudya. Mwa isanuyo, inayi yalephera mayeso amenewa, ndipo wachisanu wabuntha nditangosenda nawo nzimbe imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chipsera chili pachala changa chamkombaphalachi unachiona uli mwana. Ndinagula mpeni wotere pamsika wina wa kumalire, wonyezimira ngati galasi. Tsiku lina ndikuboola nsungwi yoti ndikonzere mono, ndinatsindika ndi mphamvu, mpeni n'kudzipinda pachala. Inali nyengo yomwe matemba anali atachuluka, ndipo ndinakhala milungu itatu pamtunda ndikuonerera anzanga akutsitsa nsomba m'mabwato. Mpeniwo unali wotchipa, koma milungu itatu ija inandidyera ndalama zoposa mtengo wa mipeni khumi yabwino.

Woyamba kusunga ndi Okapi wa chogwirira chathabwa uja, wokhala ndi mwezi ndi nyenyezi. Mipeni imeneyi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, ndipo ankaipangira ife a ku Africa kuno. Mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa, n'chifukwa chake wakowo walembedwa South Africa pachitsulo. Taona mmene unapangidwira: sipuling'i yake ili kunja, yagona kumsana kwa chogwirira, ndipo ili ndi mphete. Ukamautsegula umalira ketekete mpaka utakhazikika, ndipo supindika pokhapokha utakoka mpheteyo. Palibe chobisika m'kati. Chikalowa mchenga umachiona, chikamasuka umachimenya pang'ono ndi hamala pamwala, chabwerera. Chitsulo chake n'chofewerapo, sichichedwa kubuntha, koma sichichedwanso kuthwa. Mwala uliwonse wosalala wa kumtsinje umaunola. Kwa munthu wa kumudzi zimenezi n'zofunika kuposa chitsulo cholimba chomwe chikabuntha umasowa chonolera.

Usadabwe ukaona chitsulo cha Okapi chikuda utadulira anyezi kapena mandimu. Kudako si litsiro, usakupale, kumathandiza kutchinga dzimbiri. Mdani wake ndi dzimbiri lofiira lija. Ukamaliza ntchito upukute, uume, udonthezepo mafuta ophikira pang'ono, makamaka pamsomali wapakati.

Koma Okapi usapite naye ku Chilwa. Nyanja imene ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, madzi amangouma ndi dzuwa mchere n'kutsala, ndipo nyanja ikamaphwera mcherewo umanka nuchuluka. Ine ndinaiona itauma mu 1968 ndili kamnyamata, ndinaionanso mu 1995, ndipo zaka zoyandikira kuumako madzi ake ankadya zitsulo moonekeratu. Ku Chiuta n'kosiyana, madzi a kumeneko amadutsa ku nyanja ya Amaramba n'kukagwera mu mtsinje wa Lugenda, ndiye sakhala amchere choncho. Komabe m'bwato muli madzi, mamba ndi magazi a nsomba tsiku lonse, ndipo amene anagonapo m'zimbowera amadziwa kuti kumeneko palibe chinthu chimene chimauma. Choncho wachiwiri kusunga ndi wa chogwirira chapulasitiki chakuda uja, wachitsulo chosachita dzimbiri. Ndi wonyansa kuuona, ulibe ngakhale dzina lodziwika, koma ndaugwedeza uli nji, chotsekera chake chikugwira, ndipo chogwirira chake n'chokhakhala, sichiterereka m'dzanja lonyowa pamene ukutumbula mlamba. Udzati ku Cuamba kulibe nyanja. Udzabwera kwanu, ndipo nthawi ya dzinja thumba la buluku limanyowa kulikonse.

Wandivuta kusankha ndi Opinel uja unati anakupatsa mnzako wa kunjanji. Ndi mpeni wabwino, wa ku France, banja lomwe linauyambitsa mu 1890 likuupangabe, ndipo kachitsulo kozungulira kotsekera anakawonjezera mu 1955. Chitsulo chake n'chopyapyala, chimasenda mango ngati lezala. Chovuta chake n'chakuti thabwa likanyowa limafufuma mpeni n'kukana kutseguka, mpaka umenye kumatako kwake patebulo. Vuto lalikulu si limenelo. Ntchito yake ndi yomweyo ya Okapi, ndipo mipeni iwiri ya ntchito imodzi, umodzi umangogona m'chitini n'kuchita dzimbiri. Wagwira Okapi zaka zitatu, dzanja lako linamuzolowera. Opinel mupatse mlongo wako, amene amasenda chinangwa ndi mpeni wothyoka nsonga.

Wachitatu ndi kofiira kaja ka mtanda woyera. Uli nato tiwiri, kamodzi n'kachinyengo. Kenikeni kalembedwa Victorinox m'munsi mwa chitsulo chachikulu, ndipo ukakapinda kamatseka mwamphamvu kuti thwa. Kachinyengoko lumo lake likungotafuna ulusi osadula. Kenikeniko kamachokera ku Ibach m'dziko la Switzerland, komwe Karl Elsener anayamba ntchito yake mu 1884. M'tauni udzakagwiritsa ntchito kuposa inzake yonse: kutsegula chitini, kumanga sikuluwu ya wailesi, kuboola lamba, kudula chikhadabo. Kalibe chotsekera, ndiye usabowolere chinthu ndi nsonga ya mpeni wake, pali kachitsulo kake kobowolera. Ndiponso usatsegulire chivindikiro cha penti kapena kukanulira thabwa ndi mpeni uliwonse mwa itatuyi. Nsonga zambiri zomwe ndinaziona zitathyoka zinathyokera pamenepo.

Yotsala iwiri ndi yabwinobwino koma yaing'ono ndiponso yofanana. Apatse ana a amalume ako akafika msinkhu wopita kubusa, ndipo uwaphunzitse kusema molozetsa kutali ndi thupi ndi kupereka mpeni chogwirira chili kutsogolo.

Pali china chimene amayi ako sangakuuze koma akuchiopa. Okapi ali ndi mbiri yoipa ku Joni, chifukwa anyamata ambiri anabayana naye m'makomboni, ndipo wapolisi akamupeza m'thumba mwako usiku sadzayamba wafunsa ngati ndiwe msodzi. Ukamapita kumowa, kudansi kapena kumpira, mpeni uzitsala kunyumba. Ndinaika maliro a mnzanga amene tinkakoka naye ukonde umodzi, ndipo amene anamubaya sanali chigawenga. Anali munthu wofatsa yemwe analedzera ali ndi mpeni m'thumba, mkangano wake wa ndalama yosakwana kugula mulu wa matemba. Podutsa malire pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi, uike mpeni m'chikwama pamodzi ndi katundu, osati m'thumba la malaya.

Tsopano wachinayi uja. Bambo anga, agogo a amayi ako, anawoloka kupita ku Nyasaland kukalembetsa Wenela, ndipo pobwera ku migodi anabwera ndi bulangeti, sutikesi yachitsulo ndi Okapi. Pachitsulo chake palembedwa Germany, ngakhale zilembozo zatsala pang'ono kufufutika. Pamene nkhondo inatithamangitsa kuno tinawoloka kupita ku Malawi usiku, ndipo chimene ndinatulutsa m'nyumba ndi ana, poto mmodzi ndi mpeni umenewu. Ndi umene ndinadulira luzi lomangira msasa wathu woyamba, ndi umene ndinasemera mthiko woti agogo ako aakazi atiphikire nsima. Tinabwerera nawo nkhondo itatha mu 1992. Kunolanola kwa anthu awiri kwaudya mpaka watsala wowonda ngati tsamba la nsungwi, ndipo mphete yake ndi ya waya imene ndinapinda ndekha itaduka yoyamba. Usaunolenso, usadulire kanthu, chitsulo chatsalacho n'chochepa. Uziupaka mafuta kawiri pachaka, uukulunge m'kansalu.

Ubwere Loweruka usanakwere galimoto ku Insaca. Ubweretse mwala wako wonolera uja, chifukwa ndaona pa Okapi wako kuti ukumaimika chitsulo kwambiri ponola, n'chifukwa chake akubuntha msanga. Tidzakhala pansi pa mtengo wa mango ndikuonetse kagonekedwe kake, kenaka udzatenge mpeni wa agogo.