Kupempha Si Kuba: Mafunso a Olera Ana

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Mandava, ku Zvishavane. Akuti: "Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ku mgodi wa Shabanie. Ine ndikulera ana pabanja lina, chaka chachitatu tsopano. Poyamba panali mwana mmodzi, lero alipo awiri, kuchapa ndi kuphika zilinso pa ine, koma malipiro sanasinthe. Madamu amati ndine mwana wa m'nyumba. Ndiyambe bwanji kuti ndisaoneke wamwano?"

MLANGIZI: Zikomo chemwali, ndipo mtima ukhale m'malo. Kupempha si kuba. Madamu akamati ndinu mwana wa m'nyumba, landirani chikondicho, koma chikondi sichigula ufa, sichilipira fizi.

Choyamba dziwani kuti lamulo likukudziwani. Malamulo a antchito a m'nyumba, Statutory Instrument 377 ya 1992, amaika wolera mwana pagulu lakelake, pamwamba pa wa m'dimba ndi wophika. Mu 2011 boma linaika madola 85 pamwezi kwa wa m'dimba, 90 kwa wophika ndi wosamala m'nyumba, 95 kwa wolera mwana. Mitengo imeneyi amaiunikanso, choncho pitani ku ofesi ya Labour mukafunse wa lero. Safunsa anadya phula. Malamulo omwewo amati ntchito isapyole maola 49 pasabata, ndipo muzipuma tsiku ndi theka. Usiku umene mumadzuka ndi khanda lotentha thupi, abambo ali pashifiti ya usiku, amayi ali mtulo, imeneyonso ndi ntchito.

Tengani kope, kwa masabata awiri muzilemba nthawi yodzuka, yogona, ndi zonse mwagwira. Kenaka sankhani nthawi yabwino. Osati m'mawa madamu akusaka nsapato ya mwana geti lili lotsegula, osatinso tsiku limene mwasemphana mawu. Dikirani abwana alandire, ana agone, munene kuti, "Amayi, ndili ndi kankhani, mungandipatse mpata?"

Mukakhala pansi, musayambe ndi mavuto a kwanu, chifukwa nawonso adzakuwerengerani awo. Yambani ndi ntchito: "Ndinabwera mwana ali mmodzi, lero alipo awiri. Ndikupempha malipiro afike pakuti." Tchulani ndalamayo ndi pakamwa panu, kenaka khalani chete, ayankhe ndi iwo. Musaopseze kuti muchoka ngati mulibe kolowera.

WOWULUTSA: Ina yachokera ku Mbizo, ku Kwekwe: "Abwana anavomera kundiwonjezera, koma miyezi inayi yadutsa. Mwezi wina amandipatsa madola, wina ndalama ya ZiG pa EcoCash. Amati zinthu sizikuyenda."

MLANGIZI: Mayi, mwina akunena zoona. Ife a ku Midlands tikudziwa mmene ng'anjo za fakitale ya zitsulo ya ZISCO ku Redcliff zinazimira, mabanja ambirimbiri n'kutsala manja lende. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa ndi la mphepo. Bwererani mwaulemu, mupemphe kuti mulemberane papepala: ndalama zingati, kuyambira mwezi uti, ndiponso ndalama yanji. Chiyambireni ZiG mu Epulo 2024, funso lomalizali ndi lalikulu, chifukwa mphamvu yake ikatsika wovutika ndi inu. Musaine nonse awiri, aliyense asunge lake, ndipo mauthenga a EcoCash musafufute.

Ngati thumba lawo ndi lopyapyaladi, gwirizanani kuwonjezera pang'onopang'ono, kapena akuchotsereni ntchito zina. Akapitiriza kuzemba, kaonaneni ndi bungwe la antchito a m'nyumba la ZDAWU kapena ofesi ya Labour, pepala lija lili m'manja.

Nanunso mabwana amene mukumvetsera, ndikupempheni: mumalowa mu mgodi pansi pa nthaka mtima uli phee chifukwa pamwamba pali wina amene wabereka mwana wanu kumbuyo. Musadikire kuti achite kubwera akunjenjemera. Muitaneni ndinu, mukambirane.