PHUNZIRO LA ZOLENGEDWA: KUKAONA MBALAME KU NKHALANGO YA DZALANYAMA

Munthu akanyamuka ku Lilongwe nadzera njira ya ku Likuni, kulunjika pakati pa kumwera ndi kumadzulo, sachedwa kuona mzere wa mapiri utatandalala kutsogolo kwake monga linga. Amenewo ndiwo mapiri a Dzalanyama, amene ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, pa mtunda wa makilomita ngati 60 kuchokera mu mzinda. Nkhalango yokuta mapiriwo idalembedwa ndi Boma kuti ikhale yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo ukulu wake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, m'maboma atatu a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji.

Ambiri amasulira dzinali kuti malo odzala ndi nyama, ndipo pa chifukwa chimenechi alendo ena apitako ali ndi chiyembekezo choona njobvu, njati ndi mikango. Otere abwerako atakhumudwa. Nyama zazikulu zambiri zidatha kale ndi ulenje. Zotsala ndi anyani, apusi, agwape, nguluwe, ndi afisi amene munthu angomva kulira kwao usiku osawaona. Wofuna njobvu apite ku Liwonde, ku Majete, kapena ku Nkhotakota, kumene adasamutsirako njobvu pafupifupi 500 m'zaka za 2016 ndi 2017. Chuma cha Dzalanyama nchina, ndipo nchaching'ono m'maso: ndi mbalame. Alipo anthu amene achokera ku Ulaya ndi ku South Africa, nalipira ndalama zambiri za ndege, kuti adzaone kambalame kosaposa chikhato cha mwana, kamene mnyamata wolishya ng'ombe akadangokalasa ndi legeni. Kodi anthu amenewa afuna chiani? Phunziro lino liyesa kuyankha.

Nkhalango ya miombo

Poyamba mpofunika kudziwa mtundu wa nkhalangoyi. Siili ngati ya pamwamba pa phiri la Ntchisi, yamdima ndi yachinyezi, ya mitengo yosayoyola masamba. Iyi ndi nkhalango ya miombo: mombo, tsamba ndi mtondo, pamodzi ndi misuku, miwanga ndi milombwa. Mitengo yake njotalikirana, nthambi zitambalala pamwamba monga ambulera, dzuwa lifika pansi, ndipo udzu umera bwino. Nthaka yake njosauka, yamchenga ndi miyala. Mitengoyi ipirira pamenepo chifukwa mizu yake igwirizana ndi bowa wa pansi pa nthaka, amene aithandiza kuyamwa chakudya. Nchifukwa chake manyame ndi bowa wina wa m'dzinja apezeka pansi pa miombo, ndipo miombo ikadulidwa bowa nayenso aleka kumera. Amai otola bowa adazidziwa kale zimenezi, anthu ophunzira asanazilembe m'mabuku.

Mitengoyi ili ndi mkhalidwe wina wodabwitsa. M'mwezi wa Seputembala ndi Okotobala, dziko lonse litauma gwa, mvula isanagwe nkamodzi komwe, iyo iphukira masamba atsopano ofiira psuu, ena onga mkuwa, amene pambuyo pake asanduka obiriwira. Masamba anthetewo adzutsa mbozi ndi tizilombo tosawerengeka, ndipo mbalame, poona kuti chakudya chachuluka, ziyamba kuimba, kumanga zisa ndi kuikira mazira.

Chifukwa ninji nkhalango ikhala zii?

Pano mpamene alendo ambiri agonjera. Munthu alowa m'nkhalango m'mawa, nayenda ola lathunthu, osaona mbalame ngakhale imodzi. Amva chabe mapazi ake pa masamba ouma. Ayamba kuganiza kuti adamunamiza. Koma mbalame zilimo, kungoti sizimwazika mtengo uliwonse monga zichitira m'minda ndi m'madambo. Mbalame za m'miombo zodya tizilombo ziyenda pagulu, mitundu yosiyanasiyana pamodzi, nthawi zina 10, nthawi zina kupitirira 20, makamaka m'nyengo yachisanu pamene chakudya chichepa. Gululo liyenda pang'onopang'ono kuchoka mtengo uwu kunka uwo, ndipo kumene ladutsa kutsala kuli zii. Tsono luso lonse la woona mbalame kumeneko lagona pa kupeza gulu limeneli, ndipo lipezeka ndi makutu, osati ndi miyendo. Munthu aime, akhale chete, amvetsere kumene kukuchokera tilikulira tating'ono, napite komweko mosapupuluma. Akalipeza, mitengo imene inali yopanda kanthu idzala ndi moyo kwa mphindi zowerengeka, kotero kuti maso asowa poyambira.

Nanga mbalame za mitundu yosiyana ziyenderanji limodzi osakangana? Yankho lake nlakuti iliyonse ili ndi pake podyera. Gogomole agogoda thunthu ndi nthambi, nazula mphutsi za pansi pa khungwa. Tina tifufuza kunsi kwa masamba titazondoka, tina tiyang'ana m'ming'alu, tina tidya ku nsonga kwenikweni. Mbalame imodzi ikagwedeza nthambi, tizilombo tothawa tigwera m'kamwa mwa inzake. Ndiponso maso akachuluka kabawi sabwera mwakabisira.

Mlonda wa gululo kawirikawiri ndi nthengu, mbalame yakuda ya mchira wamphanda. Iyo ikhala pa kanthambi koonekera, niwakha tizilombo touluka timene zinzake zabvumbulutsa, ndipo ikaona mdani ifuula, zonse nkubisala. Koma mlonda ameneyu ngwachinyengo pang'ono. Ofufuza a ku chipululu cha Kalahari adapeza kuti nthengu nthawi zina ifuula popanda mdani aliyense, kuti inzake itaye chimene yagwira, iyo nkutola. Kwa mlendo nthengu ndi bwenzi ndithu, pakuti kumene ikulira kawirikawiri gulu liri pafupi.

Mbalame zimene alendo adzera

M'dziko lino mudawerengedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga lionetsera buku la The Birds of Malawi limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa m'chaka cha 2006. Yambiri mwa iyo ipezekanso m'maiko ena ochuluka. Koma ilipo ingapo imene ikhala m'miombo mokha, ndipo Dzalanyama ndi amodzi mwa malo osabvuta kuionerako.

Woyamba ndi gogomole wamng'ono amene Azungu amutcha Stierling's woodpecker. Pa dziko lonse lapansi apezeka ku Malawi, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Wosazolowera amusokoneza ndi gogomole wina wamng'ono wopezeka paliponse. Kusiyana kwake nkwakuti wambayo ali ndi mizere pamsana, pamene uyu msana wake ngwobiriwira modera, wopanda mzere kapena banga. Adya m'nthambi za pamwamba, kotero womfuna khosi limuwawa.

Ina ikhala pansi, m'matanthwe a m'mbali mwa mapiri, pamene miyala ikuluikulu yaunjikana mu mthunzi wa mitengo. Dzina lake ndi boulder chat. Njakuda, ya timadontho toyera m'mapiko ndi ku nsonga ya mchira, ndipo kulira kwake kunga kwa gudumu la ngolo losadzozedwa mafuta.

Koma yoyenera kuilingalira kwambiri ndi olive-headed weaver, ya mtundu wa mbalame zoluka zisa zija ena azitcha atchete. Abale ake aluka zisa ndi udzu kapena milaza, ambiri pa mtengo umodzi, ndi phokoso lalikulu. Iyi iai. Ikhala iwiri iwiri, iyenda mwakachetechete pa nthambi kufuna tizilombo, ndipo chisa chake iluka ndi ndere zotuwa zimene zilendewera pa nthambi monga ndebvu za nkhalamba. Chisacho chibisika pakati pa ndere zomwezo, kotero kuti munthu angathe kuima pansi pake osachizindikira. Tsono ndere zimenezi zikula pang'onopang'ono, ndipo zichuluka pa mitengo yakale ya m'malo okwera, kumene nkhungu ifikako. Popanda mitengo yakale palibe ndere, ndipo popanda ndere mbalameyi ilibe pogona ana ake. Munthu akaiona adziwe kuti chigawo chimene waimacho sichidakhudzidwe ndi nkhwangwa kwa zaka zambiri.

Nayo nsadzu, imene aliyense wokulira kumudzi aidziwa, idalira mitengo yakale mwa njira ziwiri. Njuchi zimene ilondolera anthu zikhala m'mphako; ndipo iyo siimanga chisa, koma iikira dzira lake m'chisa cha mbalame zina zoswera m'mphako kapena m'una. Mwana wake abadwa ndi kangowe ku mlomo, kamene aphera nako ana a mwini chisa, natsala yekha kudyetsedwa. Za kulondolera kwake zidayesedwa bwino ku Niassa, m'dziko la Mozambique, pakati pa Ayao ofula uchi. Claire Spottiswoode ndi anzake adalengeza m'chaka cha 2016 kuti alenje akamayenda akuitana mbalameyi ndi mfuu yao yamakolo, mwai wopeza njuchi ukula kuposa katatu. Zimene ena ankaziyesa nthano za akuluakulu zidapezeka zoona.

Makala, madzi ndi moto

Wopita ku Dzalanyama m'mamawa akumana ndi njinga zosenza matumba a makala zikulowera ku Lilongwe. Makalawo achokera m'mitengo yomweyo imene yafotokozedwayi, pakuti miombo ipatsa makala olemera, osatha msanga pa mbaula, ndipo wootcha asankha mtengo waukulu poyamba. Uvuni wadothi uononga nkhuni zambiri: kawirikawiri makala otulukamo sapitirira gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa nkhuni zimene zidalowamo. Nkosabvuta kudzudzula munthu wokankha njinga ija, koma iye achita zimenezo chifukwa cha umphawi, ndipo thumba lake likathera m'khichini ya mu mzinda, mwa anthu amene sadaione nkomwe nkhalangoyo.

Ena ati miombo siifa, pakuti chitsa chiphukanso. Nzoona, ndipo mphukirazo zikatetezedwa ku moto ndi ku mbuzi zibwezeretsa thengo m'zaka zowerengeka. Koma thengo la mitengo yanthete si nkhalango yakale. Mphako ndi ndere zidza mtengo utakalamba, ndipo mbalame zozidalira sizingadikire zaka makumimakumi popanda poswera.

Nkhani imeneyi siikhudza mbalame zokha. Mtsinje wa Lilongwe uchokera m'mapiri omwewa, monganso Diamphwe, ndipo madzi ake asungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lake lomangidwa m'chaka cha 1966. Amenewo ndiwo madzi amene mzinda umwa. Pansi pa mitengo mvula ilowa m'nthaka, nituluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Pa phiri lometedwa ithamanga tsiku limodzi, nikokolola dothi kukalitaya m'damu. Bvutoli lidakula kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo m'chaka cha 2020 lamulo la za nkhalango la 1997 lidakonzedwanso kuti zilango zikule. Komabe lamulo palokha silitha kuphika nsima. Malinga anthu a mu mzinda alibe china chophikira chotsika mtengo, njinga zija zipeza njira.

Mdani wina ndi moto wolusa wa m'chilimwe, umene alenje a mbewa ndi a agwape ayatsa udzu utauma. Moto wa m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, ungowaula pamwamba. Wa mu Okotobala upha mphukira, nutentha zisa ndi mazira. Mpoyenera kukumbukira pano kuti m'mapiri omwewa ndimo Achewa aloza Kaphirintiwa, thanthwe limene nthano ya makolo iti anthu oyamba adatsikirapo pamodzi ndi nyama zonse, nasiyapo mapazi ao. Nthanoyo iti anthu ndi nyama adali pa mtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Pamenepo nyama zidathawa, nizisanduka adani ake, kupatula galu ndi mbuzi zimene zidathawira kwa iye.

Za ulendo

Nyengo yabwino ndi kuyambira Seputembala kufikira Novembala, pamene mbalame ziimba ndipo mseu wafumbi uli wouma; m'dzinja galimoto yaing'ono ititimira m'matope. Wopitako abvale zobvala zosawala, nsapato zotseka phazi chifukwa cha mphiri zogona m'masamba, ndipo atenge madzi akumwa ndi magalasi oonera patali. Asalowe kutali popanda munthu wodziwa njira, pakuti miombo ifanana mbali zonse, ndipo malire a Mozambique ali pafupi. Anthu awiri kapena atatu aona zambiri kupambana khamu. Aphunzitsi otenga ana a sukulu awagawe m'timagulu, nawalanda malegeni asanatsike m'galimoto.

Nthawi yeniyeni ndi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera. Masana mbalame zipumula. Koma wokhoza kugona komweko asafulumire kulowa m'nyumba madzulo. M'miyezi yomweyi, kukamachita chisisira, pa mseu patera lumbe, mbalame yausiku imene ichokera kumpoto, cha pakati pa Afrika, kudzaswera kuno. Yaimuna ili ndi nthenga imodzi yaitali yoyera ku phiko lirilonse, yoposa thupi lake kawiri, imene ikupiza m'mbuyo mwake ikamauluka, monga nsalu. Yaikazi iribe nthenga zotere, ndipo siimanga chisa: iikira mazira ake awiri pansi penipeni, pakati pa masamba ouma, nikhala pamenepo duu, yofanana ndi masambawo, kufikira phazi la munthu litatsala pang'ono kuiponda.