MUTU 9: KUWERENGA KODZISANGALATSA PA CHUTHI NDI KUMAPETO KWA SABATA

M'mitu yapitayi takamba za mmene mwana amaphunzirira kuwerenga, kuyambira pa kuzindikira malembo ndi mamvekedwe ake kufikira pa kumvetsa ciganizo cathunthu. Zonsezo zimacitika mphunzitsi ali pomwepo. Mutu uno ukunena za kuwerenga kumene mphunzitsi sakuona ndi maso ake: kumene mwana amacita yekha pakhonde pa Ciweru masana, kapena pansi pa mtengo wa mango sukulu itatsekedwa, popanda womufunsa mafunso ndiponso popanda womupatsa mamaki. Ngakhale kuti mphunzitsi sakhalapo, kawirikawiri ndiye amene amacititsa kuti kuwerenga kumeneku kucitike kapena kulephereke.

Mwambo wa kumaiko ozizira

Ku Britain ndi ku America kuli mwambo wochedwa summer reading. Liwu lakuti summer ambiri amalimasulira kuti cilimwe, koma kumasulira kumeneku sikukwanira. Cilimwe cathu ndi nyengo ya dzuwa loocha ndi fumbi, madzi atacepa m'zitsime, anthu akusosa minda, ndipo ana amakhala ali pasukulu m'temu yacitatu. Kwa anzathuwo, summer ndi miyezi ya Juni, Julai ndi Ogasiti, cisanu coopsa citapita, mitengo itabiriwira. Ku England m'mwezi wa Juni kunja kumakhala kukuyera mpaka 9 koloko usiku, kotero kuti munthu angawerenge panja popanda nyale. Ndiyo nyengonso imene sukulu zimatsekedwa nthawi yaitali: masabata pafupifupi 6 ku England, ndi masabata 10 kapena kuposerapo ku America.

M'nyengo imeneyi manyuzipepala amasindikiza maina a mabuku oyenera kupita nawo kunyanja kapena kuwerenga uli gone pa udzu kuseri kwa nyumba. Malaibulale nawo amakopa ana. Ku Britain, kuyambira mu 1999, kwakhala kukucitika Summer Reading Challenge, mmene mwana wa zaka 4 mpaka 11 amalimbikitsidwa kuwerenga mabuku 6 odzisankhira yekha sukulu isanatsegulidwe.

Kukoma kwa kuwerenga kotere kuli pakuti kulibe belu. Wowerenga amayamba pamene wafunira, nalekeza pamene tulo tamugwira. Akhoza kudumpha tsamba losamukondweretsa, kubwerera kawiri pamene panamuseketsa, kapena kulisiya bukulo osalitsiriza popanda womuimba mlandu. M'kalasi zimenezi timaziyesa zolakwa, koma ndi mmene munthu wamkulu aliyense wokonda mabuku amawerengera.

Zimene akatswiri anapeza

Mu 1978 Barbara Heyns anafalitsa kafukufuku wa ana pafupifupi 3,000 a mumzinda wa Atlanta ku America. Anapeza kuti ana amene anawerenga mabuku ambiri pa chuthi ndi kupita ku laibulale anabwerera kusukulu akudziwa mau ambiri kuposa anzao, ndiponso kuti ana okhala pafupi ndi laibulale ndiwo anawerenga kwambiri. Mu 1996 Harris Cooper ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 39, nanena kuti pa chuthi yaitaliyo mwana amataya zimene akanaphunzira pa mwezi umodzi, ndi kuti pa kuwerenga ana a m'mabanja osauka ndiwo amabwerera m'mbuyo, pamene a m'mabanja opeza bwino amapitako patsogolo. Ciwerengero ca mwezi umodzico musacigwire ngati lamulo: mu 2019 Paul von Hippel anasonyeza kuti kukula kwa kutayako kumasintha malinga ndi mayeso amene agwiritsidwa nchito. Cimene sicitsutsika n'cakuti mwana amene kwao kulibe cowerenga amatha chuthi yonse osaona ciganizo colembedwa.

Kafukufuku amene ine ndimamuona wothandiza kwambiri kwa mphunzitsi ndi wa Richard Allington ndi Anne McGill-Franzen, wofalitsidwa mu 2010. Iwo anapatsa ana 852 a m'sukulu za anthu osauka ku Florida mabuku 12 mwana aliyense, sukulu zisanatsekedwe, kwa zaka zitatu zotsatizana. Sanawapatse phunziro kapena mafunso. Anawo anadzisankhira okha mabuku, ndipo ambiri anathamangira onena za oimba ochuka ndi anthu a pa wailesi ya kanema, mabuku amene aphunzitsi ambiri akanawanyoza. Patapita zaka zitatuzo, anawa anawerenga bwino kuposa anzao amene sanalandire mabuku. Zofanana ndi izi anazipeza Warwick Elley ndi Francis Mangubhai m'sukulu za kumidzi ku Fiji, zimene anafalitsa mu 1983: makalasi amene anapatsidwa mabuku a nthano pafupifupi 250 anapita patsogolo pa kumvetsa zowerenga mofulumira kawiri kuposa mwa masiku onse.

Chuthi zathu zitatu

Ife tiribe chuthi imodzi yaitali. Caka ca sukulu ciri ndi matemu atatu, ndipo ana amapumula pafupifupi mwezi umodzi mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Wina anganene kuti mwezi umodzi ndi wocepa, mwana sangaiwale. Kwa mwana wa Giredi 6 mwina n'zoona. Koma mwana wa Giredi 1 kapena 2, amene wangoyamba kulumikiza maphatikizo, ali ngati mbande yongookedwa kumene. Masabata anai osathirira ndi ambiri. Mphunzitsi aliyense wa makalasi amenewa amadziwa kuti masabata oyamba a temu amathera pa kubwereza.

Chuthi zitatuzi sizifanana, makamaka kumidzi. Ya Disembala ndi ya khasu: kubzala, kupalira ndi kuweta ng'ombe kuti zisalowe m'minda. Mvula nayo imanyowetsa buku m'nyumba yodontha. Ya Epulo ndi ya masika. Cakudya ciripo ndipo mitima iri pansi, koma kukumba nshawa kwayamba. Ya Ogasiti ndiyo imafanana kwambiri ndi summer ya anzathu aja: cimanga ciri m'nkhokwe, kusosa sikunafike pacimake, cisanu cikutha, ndipo masana ndi aatali mokwanira kuti mwana ayale mphasa kumene kulibe mphepo. Ngati sukulu iri ndi mabuku ocepa ndipo ingabwereketse kamodzi kokha pa caka, ibwereketse mu Ogasiti. M'matauni bvuto ndi lina: nthawi iripo, koma foni ndi wailesi ya kanema zimaidya.

Cinenero ca buku

Munthu sasangalala ndi buku limene akulimbana nalo. Kuti nkhani ikome, maso ayenera kuyenda mofulumira kotero kuti wowerenga aiwale malembo ndi kuona Kalulu yekha akuthawa. Ici ndico cifukwa cake buku la pa chuthi la mwana wamng'ono liyenera kukhala m'cinenero cimene amaseweramo. Cinyanja ciri ndi mwai wakuti kalembedwe kake kamatsata kachulidwe; mwana akadziwa mavawelo asanu ndi maphatikizo, akhoza kuwerenga liwu limene sanalionepo, cimene sicitheka nthawi zonse m'Cingerezi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene ana a ku Zambia anali kuphunzira kuwerenga m'Cingerezi kuyambira Giredi 1, Eddie Williams anayerekeza ana athu ndi a ku Malawi. Anapeza kuti a ku Malawi anawerenga Cicewa bwino kwambiri kuposa mmene athu anawerengera Cinyanja, pamene pa Cingerezi panalibe kusiyana kwakukulu. Zoterezi ndi zina mwa zimene zinatsegula njira ya Primary Reading Programme mu 1999.

Koma samalani apa. Cinyanja ca m'mabuku sindico cimene mwana wa ku Matero kapena ku Kanyama amalankhula. Buku lopepuka kwa mwana wa ku Katete lingakhale lolemera kwa mwana wa ku Lusaka. Njira yapafupi yoyesera ndi iyi: mwana awerenge tsamba limodzi, akupinda cala pa liwu lirilonse losalidziwa. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo si la chuthi ino.

Nchito ya mphunzitsi sabata yotsekera

Copinga cacikulu nthawi zambiri cimakhala kabati yokhoma. Akulu a sukulu ambiri amaopa kuti mabuku akapita kunyumba adzatayika, ndipo n'zoona kuti ena adzatayika, ena adzabwera ali ndi mafuta a ndiwo. Komabe mabuku otsala m'kabati mwezi wathunthu amadyedwa ndi ciswe ndi makoswe, osawerengedwa ndi munthu. Kambiranani ndi akulu a sukulu nthawi ikalipo. Konzani kabuku kolembamo dzina la mwana, dzina la buku ndi tsiku. Ana akute mabukuwo ndi pepala la thumba la simenti ndi kuwaika m'pulasitiki. Kenaka yalani mabuku pa madesiki, ndipo mwana aliyense asankhe yekha. Lamulo la kusankha yekha ndilo limene aphunzitsi atsopano amaliphwanya msanga, cifukwa mtima umafuna kupatsa mwana buku "lothandiza". Ugwireni mtima umenewo. Ana okhala mudzi umodzi auzidwe kuti azisinthana pa Sondo pocokera ku chalichi, kuti buku limodzi lidutse m'manja anai.

Kumene kulibe mabuku, apangeni. Mapepala anai opindidwa pakati ndi kusokedwa ndi ulusi amatulutsa kabuku ka masamba 16. Ana a Giredi 6 ndi 7 alembe nthano, zirapi, nkhani ya mpira kapena za ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika. Mphunzitsi akonze kalembedwe. Ena ajambule zithunzi. Ndipo timabukuto tipite kwa ana a Giredi 2 ndi 3. Amene ali ndi mwai wa intaneti angapeze nthano za Cinyanja zaulere pa African Storybook ndi kuzisindikiza.

Makolo nawo auzidwe pamsonkhano wotsekera. M'mabanja ambiri mwana wogona pa mphasa ndi buku masana amayesedwa waulesi, ndipo ngati ndi mtsikana amatumidwa kumadzi pomwepo, mlongo wake akusewera. Apempheni makolo theka la ora pambuyo pa nsima ya masana, kukali kowala, kwa anyamata ndi atsikana omwe. Kholo losadziwa kuwerenga lisadzione lopanda nchito: lingamvetsere, ndipo agogo amene awerengeredwa nthano ya Kalulu sadzalephera kunena kuti wolembayo wasiya mbali ina. Amene anamvetsera Julius Chongo pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo amakumbukira mmene banja lonse linali kukhalira cete mozungulira nkhani imodzi. Mwana wowerenga mokweza pabwalo akhoza kucita cimodzimodzi.

Sukulu ikatsegulidwa, musapereke mayeso pa zimene anawerenga. Mukatero, chuthi yotsatira mwana adzasankha buku lopyapyala koposa onse. Patulani phunziro limodzi lakuti ana acezerane: ndani anakuseketsa m'bukumo, unalekezera pati, mnzako ungamuuze kuti alitenge? Wonena kuti buku lake linali losakoma ayamikiridwe ngati wafotokoza cifukwa. Inunso mubwere ndi lanu, muwauze zimene munawerenga pa Ciweru lapitalo. Ophunzira ambiri a pakoleji, ndikawafunsa buku la Cinyanja limene anatsiriza popanda kuuzidwa, amayang'ana pansi, ndipo ana sacedwa kuzindikira mphunzitsi wowalamula cinthu cimene iye sacita.

Zocita

1. Kumapeto kwa sabata ino werengani buku la Cinyanja limene siliri pa silabasi. Ngati laibulale ya koleji iri ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara ndi kufalitsidwa mu 1933, mungayambe ndi limenelo. Musalembe kanthu. Pa Mande mudzauze mnzanu pamene munalekezera ndi cifukwa cake.

2. M'magulu a anthu atatu, pangani kabuku ka masamba 16 koyenera mwana wa Giredi 2 wa kudera limene mudzakacitako maphunziro oyeserera. Kayeseni ndi njira ya zala zisanu pa ana awiri.

3. Akulu a sukulu akana kubwereketsa mabuku, akunena kuti caka catha anatayika 11. Lembani zimene mungawayankhe.