Khosi la Mwana Latupa Koma Magazi Ali Bwino

Funso: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 15 watupa pakhosi, ndipo ndikagwira ndikumva kachotupa kolimba. Kuchipatala atamuyeza magazi anati chithokomiro chikugwira bwino ntchito. Kodi tingozisiya?
Mayi wa ku Dedza

Yankho: Ayi mayi, musazisiye. Kuyeza TSH ndi T4 m'magazi kumangosonyeza kuchuluka kwa mahomoni, sikuonetsa mmene chithokomirocho chilili mkati. Atsikana ambiri chimawakulirako akamatha msinkhu, makamaka ngati thupi likusowa ayodini kapena ngati pakhomo mumadya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira. Ena amakhala ndi matenda a chithokomiro otchedwa Hashimoto, amene poyamba sasintha mahomoni.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kachotupa kolimbako. Zotupa zambiri zotere si khansa, komabe mwa ana zimapezeka kuti ndi khansa kawirikawiri kusiyana ndi mwa akuluakulu. Bwererani mukapemphe sikani ya pakhosi ya ultrasound. Ikakayikitsa, adzatengako timaselo ndi kasingano kuti akatipime.

Pakadali pano gulani mchere wokhala ndi ayodini. Mawu akayamba kusasa, kumeza kapena kupuma kukamavuta, kapena chotupacho chikamakula msanga, thamangirani kuchipatala osadikira tsiku limene anakupatsani.