Phuma Lidzakudyerani Malikisi

Ana anga a Fomu 3 ndi Fomu 4, tcherani khutu. Quadratic equation si yovuta monga mmene mumaiopera. Chimene chimagwetsa ambiri pa MSCE ndi phuma. Kuthamanga sikufika.

Musanachite chilichonse, sonkhanitsani zonse mbali imodzi, mbali inayo patsale 0. Mukapatsidwa x² − 5x + 6 = 0, funani manambala awiri oti mukawataimusa apereke 6, mukawaphatikiza apereke −5. Manambalawo ndi −2 ndi −3. Ndiye (x − 2)(x − 3) = 0, ndipo x ndi 2 kapena 3. Mayankho ndi awiri. Lembani onse awiri.

Ine pa mayeso anga ndinakumana ndi x² = 5x. Ndinagawa mbali zonse ndi x, n'kulemba 5, n'kuthamangira funso lina. Yankho linalo, 0, ndinalitaya ndi dzanja langa lomwe. Phuma lomwelo linandidyera malikisi pepala lonse. Ndinabwereza kalasi, ndipo mayi anga anagulitsa mbuzi zawo kuti fizi ipezeke. Phuma linali langa, koma analipira ndi iwo. Choncho musagawe ndi x. Ndikubwereza, musagawe ndi x. Lembani x(x − 5) = 0, mayankho onse aonekere.

Manambala aja akakana kupezeka, tengani fomula ya ax² + bx + c = 0: x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a. Musangoiloweza pamtima. Samalani ndi minus. Ngati b ndi −5, ndiye kuti −b ndi 5, ndipo b² ndi 25. Yambani mwawerengera b² − 4ac. Ikaposa 0, mayankho ndi awiri. Ikakhala 0, yankho ndi limodzi. Ikatsika pansi pa 0, pa real numbers palibe yankho.

Cha m'ma 820, al-Khwarizmi wa ku Baghdad analemba njira zothetsera masamuwa m'mawu okhaokha, popanda x, akufotokoza sitepe iliyonse. Katswiri ngati ameneyo sanadumphe mzere. Inu mudumphirenji?

Mukapeza yankho, libwezereni m'funso muja. Ikani 2 mu x² − 5x + 6: 4 − 10 + 6 ndi 0. Mwakhoza. Pakapanda kutuluka 0, bwererani, nthawi ikadalipo. Pamene simukumvetsa, imikani dzanja lero lomwe, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Nzeru muli nazo, ana anga. Chotsala ndi kudekha, ndipo kudekhako mukhoza kukuyamba madzulo ano.