Dothi Lakuda la M'dambo

Boma la Mwanza lili kumadzulo kwa Blantyre, m'malire a Malaŵi ndi Mozambique. Msewu waukulu wopita ku Tete umadutsa pabomapo n'kukaloŵa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Derali n'lamapiri ndi zitunda, ndipo limadziŵika kwambiri chifukwa cha manachesi. Pakati pa zitundazo pali tizigwa ting'onoting'ono timene simumera mitengo, koma udzu, mlulu ndi bango basi. Malo otere ndiwo madambo.

Munthu akamatsika kuchokera kumtunda kupita kudambo amaona dothi likusintha mtundu. Kumtunda dothi limakhala lakatondo kapena lamchenga, koma m'dambo limakhala lakuda bii. Alimi amadziŵa kuti dothi lakuda n'lachonde, n'chifukwa chake malo a dimba sasoŵa mwini. Nanga kuda kumeneku kumachokera kuti?

Zomera zonse zimamanga matupi ake ndi chinthu chotchedwa kaboni. Aliyense adamuonapo kaboni, chifukwa makala ophikira ndi kaboni amene amatsala nkhuni zikapsa mopanda mpweya wokwanira. Zomera zimatenga kaboni mumpweya kudzera m'masamba pamene dzuŵa likuŵala, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa udzu wouma ndi kaboni. Udzu ukafa, masamba ndi mizu yake zimatsala pansi. Pamenepo chiswe, nyongolotsi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso timayamba kudya zotsalazo. Kudya kumeneku ndiko kumatchedwa kuwola. Tizilomboti timapuma mpweya wa okosijeni monga amachitira anthu, ndipo timabwezera kaboni mumlengalenga ngati mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi. Kumtunda, kumene mpweya umaloŵa m'nthaka mosavuta, ntchitoyi imatha msanga. Mapesi a chimanga osiyidwa m'munda safika chaka chachiŵiri.

M'dambo zinthu zimayenda mwa mtundu wina, ndipo chimene chimalamulira ndi madzi.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, madzi otsika m'zitunda amasonkhana m'dambo. Madzi a pansi pa nthaka amakwera tsiku ndi tsiku, ndipo pofika mu Januwale ndi Febuluwale dambo lonse limakhala loŵe. Timipata tonse ta m'dothi, timene munali mpweya, timadzaza madzi. Okosijeni amayenda movutikira kwambiri m'madzi: liŵiro lake limachepa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mumpweya. Motero tizilombo tambiri towoletsa timaleka ntchito, ndipo totsalato timagwira mochedwa. Koma nthaŵi yomweyo udzu ndi bango zimakhala zikuŵirira, mizu yatsopano ikumera, yakale ikufa. Zimene zikugwera m'dothi zimachuluka kuposa zimene zikuwola. Zotsalazo, zowola mosamaliza, zimasakanikirana ndi matope, ndipo ndizo zimadetsa dothi. Dzinja ndi nyengo imene nkhokwe ya dambo imadzazidwa.

Sikuti m'dzinja mulibe chotuluka. Ana oŵeta ng'ombe akaponda matope a m'dziŵe amaona timathovu tikukwera pamwamba pa madzi. Timathovuti ndi mpweya wotchedwa methane, umene umapangidwa ndi tizilombo tokhala kumene kulibe okosijeni. Mpweyawu umayaka ukakumana ndi moto. Munthu wina wa ku Italy, dzina lake Alessandro Volta, adautunga m'madambo a nyanja ya Maggiore m'chaka cha 1776, ndipo ndiye adayamba kuufufuza bwinobwino.

Mvula ikatha mu Epulo, madzi amayamba kutsika. Poyamba m'mphepete mwa dambo ndimo mumauma, kenaka kuumako kumaloŵerera pakati. Pofika mu Seputembala ndi Okutobala dothi limachita ming'alu, ndipo mpweya umaloŵa mpaka pansi. Tizilombo tija timadzuka ndi kupeza chakudya chochuluka chimene madzi adasunga. Chifukwa cha kutentha ndi chinyontho chotsala m'nthaka, timadya mofulumira, ndipo kaboni wambiri amabwerera mumlengalenga. Kuwolaku kumamasulanso chakudya cha mbewu, makamaka nayitrojeni. Apa ndiye pagona chinsinsi cha dimba. Mpiru, tomato, nyemba ndi chimanga chachiŵisi zimakula bwino chifukwa zikudya zimene dambo lidasunga m'dzinja. Mlimi wa dimba, kaya akudziŵa kapena ayi, amakhala akutapa m'nkhokwe ija.

Wokumba chitsime m'dambo atha kuŵerenga nkhani yonseyi m'mbali mwa dzenje lake. Pamwamba amapeza dothi lakuda. Akakumbabe amapeza dothi lotuwa lokhala ndi maŵanga ofiirira ngati dzimbiri. Maŵangawo ndi chitsulo cha m'nthaka chimene chimachita dzimbiri mpweya ukaloŵa, ndipo amasonyeza pamene madzi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka. Pansi penipeni, pamene madzi saphwa, dothi limangokhala lotuwa lopanda maŵanga.

Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma, kuwola kumafulumira kwambiri kwa masiku angapo, ndipo nayitrojeni wochuluka amamasuka nthaŵi imodzi. Katswiri wina wa nthaka, H. F. Birch, amene ankagwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, adalemba za zimenezi m'chaka cha 1958. Komatu makolo adaziona kale m'minda mwawo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chimanga chobzalidwa ndi mvula yoyamba chimaposera chobzalidwa mochedwa.

Kuchuluka kwa kaboni m'dambo kumadalira kutalika kwa nyengo ziŵirizi. Kumene madzi saphwa chaka chonse, zowola mosamaliza zimaunjikana kwa zaka zikwizikwi. M'chaka cha 2017 akatswiri adalengeza kuti m'chigwa cha mtsinje wa Congo muli dambo lotere, lalikulu kuposa dziko lonse la Malaŵi, limene lasunga matani a kaboni pafupifupi 30 biliyoni. Madambo a ku Mwanza sali choncho. Amauma chaka chilichonse, motero dothi lake lakuda n'lochepa, ndipo lingathe kutha munthu mmodzi asanakalambe.

Limatha motere. Mlimi akakumba ngalande yakuya kuti alime msanga, madzi amatsika mwezi umodzi kapena iŵiri nthaŵi yake isanakwane, ndipo nyengo ya kuwola imatalika. Osaka mbeŵa akatentha dambo, udzu umene ukadabwerera m'nthaka umapita ndi utsi. Ena amabzala bulugamu m'dambo, mtengo umene mizu yake imamwa madzi chaka chonse. Koma choopsa koposa chimachokera kumtunda. Mitengo ikadulidwa m'zitunda chifukwa cha makala, madzi a mvula saloŵanso pansi mokwanira, koma amathamanga pamwamba ndi kukumba chigwembe pakati pa dambo. Chigwembe chimagwira ntchito ngati ngalande yosatsekeka. Chikamakula, madzi a m'dambo lonse amatsikira mmenemo, ndipo ngakhale m'dzinja dothi silikhalanso loŵe kwa nthaŵi yaitali. Pakapita zaka zingapo dothi limayamba kuyera ndi kulimba, chitsime chimaphwa mu Ogasiti, ndipo ndiwo zamasamba zimene zinkakula zokha zimafuna feteleza wogula. Mpweya wotuluka m'dothimo nawonso umawonjezera kutentha kwa dziko lapansi.

Dothi lokokoloka silithera ku Mwanza. Mtsinje wa Mwanza umalitenga kutsikira nalo ku Chikwawa, kumene m'chilimwe mtsinjewo umasanduka mchenga wokhawokha, mpaka kukafika kudambo lalikulu la m'mbali mwa Shire lotchedwa Elephant Marsh. David Livingstone adapeza njovu zambirimbiri m'dambo limeneli m'chaka cha 1859, ndipo mu 2017 lidalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar. Nalonso limakula ndi kuchepa potsatira madzi a mu Shire, ndipo anthu amalima m'mphepete mwake madzi akaphwera.

Alimi ena osamala amalima dimba popanda kupha dambo. Pakati pa dambo, pamene madzi amadutsa, amasiyapo udzu ndi bango osalima. M'malo mokumba ngalande zakuya amaunda mizere yokwera kuti mizu ya mbewu ikhale pamwamba pa madzi. Zotsala za mbewu amazikwirira m'nthaka osazitentha, amathira manyowa a m'khola, ndipo pamene payamba chigwembe amatchinga ndi miyala ndi kubzalapo nsenjere mvula isanagwe.

Mafunso

1. Kodi zomera zimatenga kuti kaboni?
2. Chifukwa chiyani zinyalala zimachedwa kuwola m'dambo nthaŵi ya dzinja?
3. Kodi maŵanga ofiirira a m'mbali mwa chitsime amasonyeza chiyani?
4. Fotokozani mmene kudula mitengo kumtunda kumaumitsira dambo.
5. Perekani matanthauzo a mawu aŵa: loŵe, chinyontho, ming'alu, chigwembe.

Ntchito

Tengani dothi lodzaza dzanja kumtunda ndi lina m'dambo la kufupi ndi sukulu yanu. Thirani dothi lililonse m'botolo lake, onjezani madzi ndi kukhutchumula. Maŵa lake yang'anani mabotolowo ndi kulemba kusiyana kumene mwaona.